Chotsala Chimodzi

Magetsi athimanso ku Chikanda, kachitatu sabata ino,
ndiye ndabwerera ku Chirunga ndi tochi ya pafoni,
m'chipinda cha masamu, momwe bolodi
silinafufutidwe chiyambire Lachiwiri.
Nkhungu yatsika m'phiri n'kukhala padenga la laibulale
ngati mlendo wosatchula tsiku lobwerera kwawo.

Funso lake n'lalifupi, anatero Dokotala Likaomba
akupukutira choko pathalauza.
Tenga zilembo, uzipatse gulu lozisinthanitsa malo,
ichi apa, icho apo, mpaka gule athe.
Zimene sizinagwedezeke uzisonkhanitse.
Tsono ufunse: kodi zonsezi zingabadwe
kwa makolo owerengeka, omasuka,
opanda ngongole wina kwa mnzake?

Zikakhala ziwiri n'kumwa madzi.
x ndi y asinthane mipando tsiku lonse,
ukawaphatikiza yankho n'lomwelo,
ukawachulukitsa n'lomwelonso,
ndipo mayankho awiriwo ndiwo makolo a mtundu wonse.
Amayi anga amazidziwa izi mumsika wa Zomba
ngakhale sanapondepo pakhomo la sekondale:
tomato wapamwamba umutsitse pansi,
mulu ndi womwewo, mtengo ndi womwewo.

Koma gulu lozungulira la zisanu ndi zitatu limakana.
La makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri limakananso.
Zosasintha zilipo, mbwee ngati linthumbu,
koma ukasaka makolo awo
upeza aliyense ali ndi chingwe kumwendo,
chomangidwa kwa mnzake.
Miyezi itatu ndinkati m'buku muli cholakwa.
Ndinadzaza makope awiri achikuto cholimba
ndisanavomere kuti wolakwa ndine.

Chaka chino tawoloka tsidya lina,
kumene zilembo sizimvana za woyamba ndani.
Kuno x akatsogola y, si chimodzimodzi y akatsogola x.
Ukachotsera china ku chinzake
pamatsala imodzi.
Imodzi yokha, yowuma gwa,
yosafufutika ngakhale ndi chinkhupule chonyowa.

Asiyatu, pano m'pamene ndimaimira kulemba.
Tsiku lija padepoti, minibasi ya ku Liwonde ikulira,
kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho,
ndinakusiya ukwere, kupepesa n'kubwera pambuyo,
pa foni, usiku, uli kale kupitirira Domasi.
Ndikanayamba n'kupepesa
mwina ukanakwerabe,
chikwama chomwecho, mpando womwewo wapazenera.
Mawu omwewo, ulendo womwewo.
Koma chotsera, uone chimene chatsala.

Dokotala akuti kumene zilembo zomvana zavomera,
zosamvana nazo zimatsatira n'kuvomera.
Nanga kumene zinakana? ndinafunsa.
Anayang'ana kuphiri, kumene mitengo ya paini
inadulidwa n'kusiya dazi,
nati, digiri yako ili pamenepo,
ukalipeza yankho udzandigogodere, ngakhale pa Sabata.

Tsono ndakhala pano, batire yatsala pang'ono,
ndikuzunguza zilembo ngati njinga ya kabaza
yokwera chitunda cha ku Matawale,
kuponda, kuponda, malo osasuntha kwenikweni.
Ndikufuna kudziwa chimene chimakhalabe
anthu akasinthana malo, nyumba, manambala a foni,
ndiponso ngati chokhalacho chili ndi ufulu
kapena n'changongole kuyambira kubadwa.

Che Bwanali, mlonda, asuzumira pakhomo
atafunda jekete la asilikali lakalekale.
Awerenga pabolodi pang'onopang'ono, milomo ikuyenda:
xy kuchotsa yx.
Akuti, aphunzitsi, apa sipayenera kutsala kanthu,
mwatenga zomwe munaika.
Ndikuti, pamatsala imodzi, Che Bwanali.
Aima kanthawi, akanda chibwano ndi kiyi.
Nanga imodziyo mwini wake ndani?

Kumunsi, Chikanda yayaka mwadzidzidzi,
ana afuula, wailesi ya wina yapitiriza pomwe inalekera.
Sindinawayankhe.
Ndalemba funso lawo pansi pa la Dokotala,
ndi choko chachifupi chondipweteka zala,
ndipo ndatsika njira ya kunyumba
nkhungu ili m'tsitsi.